Ojambula mapiri athu musamatichotse pachithunzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zithunzi za mapiri zomwe zachuluka pa Facebook ndi pa makalenda masiku ano. Ine ndine wa kuno ku Dedza, ndinakulira m'tsinde mwa phiri ndipo nanenso ndimajambula ndi kafoni kanga, ndiye musaone ngati ndikudana ndi ojambula ayi. Zithunzi zawo nzokongoladi, makamaka za m'mamawa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta boma lonse n'kungotsala nsonga ya phiri yokha.

Koma pali chomwe chandikhala pamtima. Mwezi wathawu anyamata awiri ochokera ku Lilongwe anandipempha kuti ndiwalondolere njira yokwera phiri la Dedza. Anali ndi kamera yaikulu yoimika pa miyendo itatu, tinadikira dzuwa pafupifupi ola lathunthu manja ali m'khwapa, kuzizira kwake mukukudziwa, phirili ndi la mamita pafupifupi 2,200. Dzuwa litangosuzumira kunatulukira mayi wina wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni, nkhata yake ya kachitenje kakutha, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Mmodzi wa anyamatawo anati, "Amayi tapatukani pang'ono mukutitchinga." Anayankhula mwaulemu ndithu ndipo mayiwo sanadandaule, anangoima pambali mtolo uli pamutu mpaka anyamatawo atamaliza. Kenako anatembenuzanso kamera kuti zitsa za mitengo zisalowe. Madzulo ndinachiona chithunzicho pa intaneti atalemba kuti kuno ndi kosafika munthu.

Kosafika munthu, eti? Phiri lomwe ife timazulako bowa nthawi ya dzinja, timatolako masuku, agogo anga ankakumbako mankhwala a m'mimba ndipo njira iliyonse, ndi tinjira tating'ono tomwe, ankaidziwa ngati pakhomo pawo. Mapiri a kuno sanakhalepo opanda anthu. Pitani ku Chongoni mukaone pa Chentcherere, pa Namzeze, pa Mphunzi, zojambula zofiira za Akafula zija ndi zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Malo 127 ali kumeneko, ndipo a UNESCO anawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Anthu anayamba kalekale kujambula mapiri amenewa, kusiyana kwake nkoti iwowo ankajambula pamwala penipenipo ndipo moyo wawo sankaubisa.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi zitsa zija. Munthu wa mtauni akaona chithunzi chobiriwira amati Dedza ili bwino, pomwe ife tikuona mitengo ya mombo ndi masuku ikutha, matumba a makala akutsika panjinga m'bandakucha, moto wolusa ukunyambita mbali yonse mwezi wa Okutobala anyamata akusaka mbewa, ndiye mvula ikabwera madzi amangotsetsereka ndi dothi lomwe n'kukakumba zigwembe m'minda ya kachewere kumunsi. Tonse tinaona zomwe zinachitika ku Soche ndi Chilobwe mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Sindikuopseza, ndimangokumbukira ndikamayang'ana miyala ikuluikulu ili pamwamba pa nyumba zathu.

Ndipo mayi wa nkhuni uja sindikumuweruza, kwawo kulibe magetsi, aphikire chiyani? Nkhope yake ija ndi mtolo wake zikanatiuza zambiri za phirili kuposa mitambo.

Kunyumba ndili ndi chithunzi chakale cha malemu bambo anga ataima kuseri kwa nyumba yathu, kumbuyo kwawo phiri lili bii ndi mitengo. Ndinapita kukaima malo omwewo n'kujambula ndi foni, ana anga sanakhulupirire kuti ndi phiri limodzi.

Pempho langa ndi ili a Mkonzi, tipatseni kadanga m'nyuzipepala yanuyi, ngakhale kamodzi pa mwezi, koti owerenga azitumiza zithunzi ziwiriziwiri, chakale ndi cha lero, cha malo amodzi. A ku Bembeke atumize, a ku Ntcheu atumize za Mvai ndi Dzonzi, odutsa mseu wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti nawonso. Changa cha bambo chija chilipo kale, mukavomera ndiyamba ndine kutumiza.

Wowerenga wanu,
Dedza Boma