Kukalamba ndi mphamvu: nzeru za ku China sizili m'botolo lokha

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth pa nkhani ya mabotolo ndi timapaketi ta zilembo za Chitchaina timene tikugulitsidwa m'misewu ndi pa WhatsApp, ati tobwezera unyamata. Ife timasamalira achikulire ndipo nzeru zochiritsira za ku China timazilemekeza. N'chifukwa chake zikutipweteka kuona agogo akutaya ndalama zochepa zomwe ana awatumizira pa chinthu chimene nzeruzo zimachiika kumapeto kwenikweni.

Buku lawo lakale la zachipatala, Huangdi Neijing, la zaka zoposa 2,000, limawerenga moyo wa mkazi m'magawo a zaka 7, wa mwamuna a zaka 8. Mtsikana amatha msinkhu pa 14, mphamvu zake zimafika pachimake pa 28, tsitsi limayamba kuthothoka pa 35, imvi pa 42, ndipo amasiya kusamba pa 49. Mwamuna amafika pachimake pa 32, pa 40 tsitsi ndi mano zimayamba kufooka, pa 56 mitsempha imauma. Manambalawa si lamulo la munthu aliyense, koma akutiuza chinthu choona: kutsika kumayamba munthu akadali wojintcha, akuthamangira kombi. Bukulo limati kuchiza matenda atakula kale kuli ngati kukumba chitsime ludzu litakugwira.

Choyamba ndi mbale. Atchaina amati m'mimba mumafuna chakudya chofunda, chophikidwa bwino, pa nthawi yake. Kwa ana, phala m'mawa asanapite kusukulu, osati zakumwa zozizira zashuga. Mwana safunika mankhwala olimbitsa thupi a m'botolo ngakhale pang'ono. Kwa akuluakulu, lamulo lawo ndi kudya magawo 7 mwa magawo 10 a kukhuta, kuleka mimba isanadzaze. Ife timadya mitanda ikuluikulu ya nsima usiku n'kugona pomwepo. Chakudya cholemera chikhale cha masana, ndipo mukadya yendani mphindi 10 kapena 15, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imachotsa shuga m'magazi. Mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'matemba ouma ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo.

Kwa agogo opanda mano kapena amene angodzuka pa matenda, Atchaina amaphika phala lamadzimadzi la mpunga: kapu imodzi ya mpunga, makapu 8 mpaka 10 a madzi, tizidutswa titatu ta jinja, pamoto wochepa kwa ola limodzi, kutakasa pafupipafupi kuti lisapserere. Cholakwika n'kulipereka lokha tsiku ndi tsiku. Mulibe zomanga thupi zokwanira, ndipo wokalamba minofu imamuthera msanga. Swerani dzira, thirani nsinjiro kapena matemba osinja. Wa matenda a shuga asamale kwambiri, pakuti mpunga woyera wophikidwa mpaka kusungunuka umakweza shuga mofulumira. Iye adye phala la mawere kapena mapira osakonola, kambale kakang'ono.

Za nyengo tisatengere kalendala ya ku Beijing. Malangizo a nthawi yozizira, ogona msanga ndi kudzuka dzuwa litatuluka, kumeneko ndi a December, kuno ndi a June ndi July. Madzulo a miyezi imeneyi viikani mapazi m'madzi ofunda a madigiri 38 mpaka 40 kwa mphindi 15, kenako pukutani bwino pakati pa zala. Yesani madziwo ndi chigongono. Wa shuga mapazi ake amachita dzanzi, amapsa osamva, ndipo chilonda cha paphazi chimatha kudulitsa mwendo, choncho iye angosamba mapazi n'kuvala masokosi.

Chimene tikufuna kuchitsindika kwambiri ndi miyendo. Agogo ambiri amagonetsedwa ndi kugwa: kuterereka kubafa, fupa la m'chiuno kuthyoka, kenako miyezi pamphasa. Masewera odekha otchedwa tai chi atsimikizidwa kuti amachepetsa kugwa kwa okalamba, ndipo safuna ndalama. Imani mapazi motalikirana ngati mapewa, pindani mawondo pang'ono chabe, bondo liloze kumene chala chachikulu chaloza ndipo lisapitirire zala. Sunthani kulemera kwa thupi kupita mwendo wamanja powerenga mpaka 5, bwererani, pitani kumanzere. Mukazolowera, nyamulani phazi lopepukalo n'kuliponda kutsogolo, chidendene choyamba. Mpando wolimba kapena khoma zikhale pafupi. Mphindi 20 mpaka 30, katatu pa sabata, ndipo pirirani miyezi itatu musanaweruze.

Palinso baduanjin, masewera a zigawo 8 otha m'mphindi pafupifupi 12. Chigawo choyamba: lukanitsani zala za manja, kwezani mikono pamwamba pa mutu mukukoka mpweya, tsitsani m'mbali mukuutulutsa, kasanu ndi kamodzi. Anthu amalakwitsa pogwira mpweya, zomwe zimakweza kuthamanga kwa magazi, ndi potsika kwambiri mpaka mawondo kutupa. Chigawo chowerama kugwira mapazi achidumphe amene amamva chizungulire kapena amene mafupa a msana ndi ofooka. Masewerawa akhoza kuchitika pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti, agogo ndi adzukulu pamodzi, chifukwa woyamba ali ndi zaka 40 savutika pa 70.

Njira ina ya Atchaina yosamalira thupi ndi kudina malo ena a pathupi. Kudina malo otchedwa zusanli n'kosavuta: zala zinayi pansi pa bondo, chala chimodzi kunja kwa msongolo, mphindi ziwiri mwendo uliwonse. Amayi oyembekezera asadinidwe pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kapena m'kati mwa mwendo pamwamba pa kakolo. Pa ululu wa mawondo ndi msana, kubaya timasingano kumathandiza ena, ndipo pa chipatala cha Parirenyatwa pali malo a chithandizo chimenechi, kumene madokotala a ku China amagwira ntchito. Kulikonse kumene mungapite, singano itsegulidwe m'paketi mukuona ndipo itayidwe ikagwira ntchito kamodzi.

Tsopano zitsambazo. Zili ndi mphamvu zenizeni: mankhwala a malungo amene timamwa lero adachokera ku chitsamba cha qinghao, ndipo wasayansi wa ku China, Tu Youyou, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Koma champhamvu chimavulazanso. Gancao, muzu wotsekemera wopezeka m'zosakaniza zambiri, umasunga madzi ndi mchere m'thupi n'kukweza kuthamanga kwa magazi. Danshen, danggui ndi ginkgo zikakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu amatha kutaya magazi osaleka. Ginseng amatha kutsitsa shuga mopitirira mwa womwa kale mapiritsi a shuga. Ma huang amathamangitsa mtima. Ku Belgium m'zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 adawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe mudalowa chitsamba cholakwika cha mtundu wa Aristolochia. Sing'anga weniweni wa ku China amayamba wagwira mtsempha wa padzanja, waona lilime, wafunsa mankhwala amene mukumwa, ndipo amasintha chosakanizacho thupi likamasintha. Wogulitsa botolo limodzi la shuga, nyamakazi ndi mphamvu za abambo sakuchita zimenezi.

Pempho lathu kwa ana ndi adzukulu ndi ili: agogo asasiye mapiritsi a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa cha tiyi wina aliyense. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza m'chilankhulo chimene mungawerenge lisalowe m'nyumba. Lomwe lagulidwa kale, litengeni pamodzi ndi khadi lakuchipatala mukalionetse kwa wa ku famase, afufuze ngati bungwe la MCAZ, loyang'anira mankhwala m'Zimbabwe muno, lidalivomereza. Ndipo poti mwafika kale pafamasepo, yezetsani BP nonse awiri. Ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, pitani kukiliniki sabata yomweyo.

Ndife owerenga anu,
Osamalira achikulire, Highfield, Harare