Jambulani nyumba musanalowetse katundu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okhala m'nyumba za lendi kudzera m'nyuzipepala yanuyi, chifukwa zimene zinandionekera zimandiwawabe.

Ndinakhala m'nyumba ina zaka zitatu. Tsiku lolowa, sinki ya kukhitchini inali ndi mng'alu kale, galasi la zenera la kuchipinda lili lomata ndi selotepi. Ndinawauza eni nyumba pakamwa, iwo n'kuti, "Musadandaule mayi, tikonza." Sanakonze. Potuluka, bambo omwewo analoza sinki ija n'kunena kuti ndinaswa ndine, dipoziti yanga yonse n'kuthera pomwepo. Sindikuti anandinamizira dala ayi, zaka zitatu munthu amaiwala. Koma ine ndinalibe choonetsa, ndinangotuluka ndi misozi.

Kumene ndili pano ndinachenjera. Katundu akadali m'galimoto, ndinapempha alandilodi kuti tizungulire limodzi chipinda ndi chipinda, foni ili m'manja. Ndinajambula makoma, maloko, masoketi, matailosi othetheka, ndi siling'i pamene panali zizindikiro zoti denga limadontha. Mipopi yonse ndinatsegula, chimbudzi ndinagejemula, chifukwa chithunzi sichionetsa kuti mpopi ukudontha. Tinawerenga manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi, tinawerenganso makiyi, anali 5. Zonsezi tinalemba pa mapepala awiri, tonse n'kusayina, aliyense n'kutenga lake. Zithunzizo ndinawatumizira pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti lizionekera kwa tonse.

Poyamba anakwinya nkhope, ati kodi mukundiyesa wakuba? Ndinawayankha kuti pepalali likuteteza iwonso. Ana anga akadzathyola chitseko, ndidzakana bwanji pamene chithunzi chikuonetsa kuti ndinachipeza chili bwinobwino?

Chimene ndikufuna eni nyumba amvetse n'chakuti kutha kwa chinthu n'kosiyana ndi kuwononga. Penti amasuluka, mpopi umakalamba, ngakhale m'nyumbamo mutakhala mwini wake. Zimenezo si za wolipira lendi. Koma zenera loswedwa ndi mpira kapena khoma lobooledwabooledwa ndi misomali, pamenepo tilipire ndithu.

Tsiku lotuluka ndidzachitanso chimodzimodzi: katundu atatuluka, m'nyumba mutasesedwa, tidzazungulira ndi pepala lomwe lija m'manja, ndipo makiyi ndidzapereka titasayiniranso.

Ine wanu,
Mayi wa ana awiri, wokhala m'nyumba ya lendi