Khadi la kalabu silingakupezetseni pistol ku Canada

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiwongole nkhani ina imene ikuyenda pakati pa abale athu amene angofika kumene kuno ku Canada, komanso ena amene akadali kumudzi akulongosola mapepala. Akuti munthu ukafuna mfuti ya m'manja kuno, ungolowa kalabu ya owombera chandamale, ulipire ya umembala, basi kusitolo akugulitsa. Ena amatsutsa kwamtuwagalu, amati za kalabuzo n'zopeka, palibe lamulo lotero. Onsewa akulimbana ndi mtunda wopanda madzi. Kuyambira pa 21 October 2022 munthu wamba sangagule pistol, sangaigulitse kwa mnzake, sangapatsidwe ngati mphatso, ndipo sangailowetse m'dziko muno, ngakhale atakhala membala wa makalabu onse a mu Ontario.

Mkanganowu uli ndi pochokera, ndipo kale mbali zonse ziwiri zinkanena zoona. Lamulo la Firearms Act la 1995 limayenda limodzi ndi lamulo la milandu, ndipo mfuti zinagawidwa m'magulu atatu. Pali zimene azungu amati non-restricted, zomwe zambiri ndi mfuti zazitali za alenje. Pali restricted, momwe muli mapistol ambiri. Ndiye pali prohibited, zoletsedwa, monga pistol ya mpope wa mamilimita 105 kapena kucheperapo. Wofuna mfuti ya gulu lachiwirili ankayenera kunena chimene akuifunira, ndipo ndime 28 ya lamuloli inangovomereza zifukwa zinayi: kuteteza moyo, ntchito imene munthu amagwira, kuwombera chandamale kapena mipikisano yake, ndi kusonkhanitsa mfuti ngati munthu wodziwa mbiri ndi kapangidwe kake. Palibe pamene ndimeyi inalemba kuti uyambe wakhala membala. Imatchula kalabu ndi bwalo lowomberapo lovomerezeka, koma ngati njira imodzi chabe.

Chinkachitika n'chiyani tsono? Chigawo chilichonse chili ndi mkulu woona za mfuti, Chief Firearms Officer, amene anthu amangoti CFO. Mfuti ya restricted sinkachoka m'sitolo iye asanavomereze. Ukanena kuti ndikufuna ya chandamale, iye ankafunsa kuti ukawombera kuti, popeza pistol siloledwa kuiwombera kumunda kapena kuseri kwa nyumba, ndipo kukasaka nayo nyama n'kosatheka. Yankho lokhalo limene linkamukhutiritsa linali umboni wa kalabu. Kuno ku Ontario zimenezi zinkatsatidwa ngati lamulo ndithu, pamene zigawo zina zinkafewetsako. N'chifukwa chake anthu awiri a dziko limodzi, a laisensi yofanana, ankatha kukangana usiku wonse, aliyense akunena zimene anaziona ndi maso.

Zifukwa zina zija musaziyembekezere. Chilolezo choyenda ndi pistol podziteteza chimaperekedwa mwa apo ndi apo kwambiri moti anthu ambiri sanaonepo munthu amene ali nacho. Amene amanyamula pa ntchito ndi alonda operekeza galimoto za ndalama ndi ena ogwira ntchito m'nkhalango momwe muli zimbalangondo. Wosonkhanitsa mfuti naye ankayenera kusonyeza kuti akuzidziwadi, n'kuvomera kuti boma lizibwera kudzaona m'mene akuzisungira.

Chigawo cha Quebec chokha ndicho chinaika nkhaniyi papepala. Pa 13 September 2006 mnyamata wina analowa pa Dawson College ku Montreal ndi mfuti zimene anagula mwalamulo, n'kupha mtsikana wa zaka 18, Anastasia De Sousa, ndi kuvulaza ena. Lamulo limene linatsatira, lomwe limadziwika ndi dzina la mtsikanayu, linayamba kugwira ntchito mu 2008. Linanena mosapita m'mbali kuti wowombera chandamale ndi mfuti zoterezi akhale membala wa kalabu, akhoze mayeso, azionekako ndithu osati kungolipira, ndipo oyang'anira makalabu azikanena kupolisi akaona munthu amene khalidwe lake likudetsa nkhawa. Ine ndimaona kuti a ku Quebec anachita zanzeru. Ngati boma likufuna chinthu, lichilembe, munthu aliyense awerenge. Lamulo la m'thumba mwa ofesala limasintha ofesalayo akasamutsidwa, ndipo amene amavutika nalo kwambiri ndi mlendo, amene sadziwa pokadandaula.

Ndipo kalabu inali chinthu chomaliza pa ulendo wautali. Munthu ankayamba ndi maphunziro awiri a kagwiridwe ka mfuti, ena a mfuti wamba, ena a restricted, ndipo onse ali ndi mayeso olemba ndi a m'manja ofuna mamalikisi 80 pa 100. Kenako fomu ya ku RCMP, apolisi a dziko lonse, imene imapita ku Miramichi m'chigawo cha New Brunswick. Pafomupo pamafunika anthu awiri amene akudziwa kwa zaka zitatu. Amafunsa za banja kutha, za ntchito kutha, za matenda a maganizo. Mkazi kapena mwamuna wako, ngakhale amene munasiyana m'zaka ziwiri zapitazi, amayenera kudziwa kuti wapempha laisensi, ndipo ali ndi ufulu wokanena nkhawa zake. Wopempha koyamba amadikira masiku osachepera 28, kawirikawiri kuposa pamenepo. Kwa ife obwera pali chinanso: ngati sunathe zaka zisanu m'dziko muno, amafuna kalata ya apolisi a kumene unachokera, ndiye kuti nkhani yako ya ku Toronto ikadutsirabe ku Area 30.

Anthu amene anagula chiletso chisanabwere akadali nazo mfuti zawo, ndipo ndi iwo amene kalabu ikuwakhudzabe. Ndimawaona akafika pabwalo Loweruka m'mawa. Munthu amatsegula buti, n'kutulutsa kabokosi kakuda kokiya. M'katimo pistol ilibe chipolopolo n'chimodzi chomwe, ndipo pa trigger pali loko wina. Satsegula bokosilo pamalo oimika galimoto, amalowa nalo, amasayina m'buku, amavala zotseka m'makutu ndi magalasi, n'kudikira woyang'anira anene kuti tsopano mutha kugwira. Magazini yake silowa zipolopolo zoposa 10. Akamaliza amabwerera kunyumba njira yolunjika, chifukwa chilolezo chake n'chochokera kunyumba kupita kubwalo, si choti azikazungulira nayo kwa alamu ake. Laisensi imatha pakapita zaka zisanu, ndipo pokonzanso, CFO ali ndi mphamvu yofunsa ngati mfutiyo ikugwirabe ntchito imene anaigulira. Apa khadi la kalabu limalankhula.

Tsono maganizo anga ndi awa. Kalabu inali mbali yabwino kwambiri ya dongosolo lonseli, chifukwa ndi malo okhawo pamene mwini mfuti amaonedwa ndi anthu, osati ndi kompyuta. Fomu munthu amatha kunamapo. Koma wobwera atamwa, wolozetsa mpope kwa anzake, wolankhula zoopseza mkazi wake, anzake amamuona ndipo amamuchotsa. Boma la Justin Trudeau litalengeza chiletso pa 30 May 2022, linatseka khomo limene linali kale ndi alonda ambiri. Anthu anathamangira m'masitolo miyezi imeneyo mpaka mashelefu kuyera, boma n'kuyamba latseka zoitanitsa kunja mu August, ndipo pa 15 December 2023 lamulo la C-21 linakhomerera chiletsocho. Dziko limene linayamba kulemba mapistol m'kaundula mu 1934, ndipo lili nawo oposa 1 miliyoni odziwika mwini wake ndi adiresi yake, linasankha kuyamba ndi amenewo.

Pamenepo n'kuti apolisi a ku Toronto akhala akunena chaka ndi chaka kuti mapistol ambiri amene amawagwira pa milandu, akawalondoloza, amachokera ku United States mozembetsa. Munthu amene anapha anthu 22 ku Nova Scotia mu April 2020 analibe laisensi iliyonse, ndipo mfuti zake zambiri anachita kudutsa nazo pamalire kuchokera ku Maine. Ameneyo chiletso sichikanamukhudza.

Sindikufuna kuwayeretsa mopitirira a makalabu. Amene anapha anthu asanu ndi mmodzi mu mzikiti ku Quebec City pa 29 January 2017 anagwiritsa ntchito pistol yake yolembetsedwa, ndipo ankapita kubwalo lowomberapo ngati wina aliyense. Ku Dunblane m'dziko la Scotland, mu 1996, amene anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo analinso ndi ziphaso zonse, ndipo dziko la Britain linaletsa mapistol chaka chotsatira. Makolo amene anaika ana awo m'manda sangamve zoti kalabu imaona anthu, ndipo ine sindingawauze kuti akulakwa. Chimene ndikukana n'chakuti kulephera kwa diso kukhale chifukwa cholitsekera. Kukanatheka kufalitsa lamulo la Quebec m'dziko lonse, kulikhwimitsa, kukakamiza kalabu kunena membala akasowa kapena akasintha khalidwe, ndalama zotsala n'kuziika pamalire.

Chodabwitsa n'chakuti khomo laling'ono limene latsala likudutsirabe kwa owombera chandamale omwewo. Kupatula a chilolezo chonyamula pa ntchito, amene angagule pistol lero ndi munthu amene amaphunzira, kupikisana kapena kuphunzitsa mtundu wa kuwombera umene uli pa masewera a Olympic kapena Paralympic, ndipo akhale ndi kalata yochokera ku bungwe loyendetsa masewerawa m'chigawo kapena m'dziko. A mipikisano ina yotchuka, monga ya bungwe la owombera lotchedwa IPSC, anawasiya panja. Funso limene sindinamvepo yankho lake logwira mtima ndi lakuti katswiri wa Olympic adzachokera kuti ngati oyamba kumene alibe pogulira. Mwini pistol akamwalira, ana ake sangaitenge ngati chuma chamasiye, pokhapokha ali m'kagulu kochepa kaja. Imapita ku bizinesi yovomerezeka, kumalo osungirako zakale, kunja kwa dziko, kapena aiwononge kuti isawomberenso.

Kwa mbale wathu amene akungofuna kulawa masewerawa, njira ilipo. Mabwalo ambiri amalandira alendo opanda laisensi, bola mphunzitsi aime pambali pako nthawi yonse, ndipo mfuti imatsala komweko. Laisensi ya mfuti zazitali ikuperekedwabe, ya chandamale kapena yosakira agwape, ndipo imeneyo sifuna kalabu. Koma wina akakuuzani kuti mulipire umembala iye akupezerani pistol, kapena kuti ali ndi mnzake wogulitsa mwakachetechete, musayerekeze. Kupezeka ndi pistol ya zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu umene chilango chake chachikulu C-21 inachikweza kuchoka pa zaka 10 kufika pa 14. Ndipo kwa munthu amene sanakhale nzika, ngakhale ali ndi pepala lokhala mpaka kalekale, kupezeka wolakwa pa mlandu wa msinkhu umenewu n'kokwanira kuti a zolowa ndi kutuluka amulande pepalalo n'kumukweza ndege.

Wowerenga wanu,
ku Ontario, Canada