Amuna anga akufuna kutsata mapazi a Jimmy Carter

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku Atlanta m'chigawo cha Georgia ku America. Amuna anga amayendetsa thiraki ndipo anatenga unzika wa dziko lino, ine ndimasamalira okalamba. Kangachepe kamene timapeza takhala tikusunga kuti tifolere nyumba yathu kumudzi ku Dedza.

Nkhani inayamba titapita kukaona Plains, katauni kamene anabadwira malemu Jimmy Carter. Chibwerereni kumeneko, bambo a kunyumba sakambanso china. Akuti onani mlimi wa mtedza: analowa nyumba ya malamulo ya Georgia mu 1963, anagwa pa chisankho cha bwanamkubwa mu 1966, osafooka, anapambana mu 1970, pofika 1977 ali pulezidenti wa dziko lonse. Tsono nawonso akufuna kuima pa mpando wa phungu wa chigawo chino, ndipo ndalama za kampeni akuti titape pa za nyumba zija.

Sindikuwaderera ayi. Ndi munthu wokonda anthu, kutchalitchi akaimirira aliyense amatchera khutu. Koma mbiri ya Carter nanenso ndaiwerenga, ndipo muli zina zimene iwo amazilumpha. Kugwa kwa 1966 kunamusiyira ngongole. Pochoka ku White House mu 1981 anapeza bizinesi ya mtedza ija yamira m'ngongole yoposa madola 1 miliyoni, mpaka anaigulitsa. Ndipo amene ankagwira mabuku a ndalama pa bizinesiyo anali mkazi wake, Rosalynn. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mu 1962 Carter anaganiza zoima pa chisankho osafunsa mayi a kunyumba, ndipo atakula anavomera yekha kuti pamenepo analakwa.

Ndi zomwezo zikundichitikira ine. Ndinamva kwa mlamu wanga pa foni kuti achimwene awo akulowa ndale, ine mwini nyumba ndisakudziwa. Nditawafunsa anati ndilibe masomphenya, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikungopatsana moni basi. Apongozi anga akugonabe m'nyumba yodontha, akudikira malata amene tinawalonjeza.

Kodi ndiwauze bwanji kuti ndale sindikuwakaniza, koma ndalama za nyumba zisakhudzidwe? Ankhoswe athu ali kutali ku Malawi. Ndiwaimbire foni, kapena ndiyambe ndakhala nawo pansi ndekha kachiwiri? Ndithandizeni, Azakhali, tulo sindikupeza.

Mayi wodandaula,
Atlanta