Usatalikirane ndi uvuni

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi ana. Amayi ako andifotokozera maganizo ako oti usamukire ku Lilongwe, ntchito youmba uisiye m'manja mwa kapitawo, iwe uzingoona za misika. Ndakondwa kwambiri kumva kuti makapu ndi mbale zako zayamba kufunidwa ndi mahotela. Thukuta lako ndinaliona ndi maso anga. Koma pa za kusamukazi mtima wanga sukukhazikika, ndipo ndasankha kulemba kuti uwerenge modekha uli wekha.

Ndikusimbire za banja la Wedgwood la ku England, oumba anzako. Josiah Wedgwood anabadwa mu 1730 ku Burslem, m'dera la Staffordshire, m'banja limene linkaumba kuyambira kwa makolo. Bambo ake anamwalira mu 1739 iye akadali kamnyamata, ndipo anaphunzira ntchito kwa mkulu wake Thomas. Nthomba inamusiya ndi bondo lofooka moti sankatha kupalasa gudumu loumbira, ndipo mu 1768 mwendowo anachita kuudula. Munthu wotere akanatha kukhala pampando n'kumangolamula, palibe akanamunena. Iye anatembenukira ku dongo lenilenilo, kufuna kudziwa zosakaniza zake, moto umene likufuna, ndi chimene chimang'alula mbale ikakhala mu uvuni.

Anatsegula malo akeake mu 1759. Ankasunga buku limene ankalembamo chilichonse chimene wayesa, chatheka kapena chalephereka, kachidutswa kalikonse ndi nambala yake. Dongo lija limene linatchukitsa dzina lake, lotchedwa jasper, lija lamtundu wa buluu lokhala ndi zithunzi zoyera pamwamba, linamutengera zaka, atayesa kambirimbiri, ndipo tizidutswa toyeserato tikusungidwabe mpaka lero ku Barlaston, kumene fakitale ya Wedgwood inasamukira pambuyo pake. Pa nthawi imeneyo oumba ankaweruza kutentha kwa uvuni ndi diso. Iye anapanga chida choyezera moto poona mmene kachidutswa ka dongo kafupikira, ndipo chifukwa cha chidacho bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society linamulandira mu 1783. Ndimakumbuka iwe ukulemba m'kope lako nkhuni zimene walowetsa ndi maola amene moto wayaka. Kodi kopelo ukulilembabe?

Misika ankaidziwanso, usaganize kuti ndikunyoza mbali imeneyo. Mfumukazi Charlotte ya ku Britain itaitanitsa ziwiya za tiyi mu 1765, anapempha chilolezo choti mbale zake zoyererako azizitchula Queen's Ware, ndipo aliyense wofuna kudya ngati kunyumba yachifumu anayamba kuzifuna. Mfumukazi Catherine ya ku Russia anaipangira ziwiya zoposa 900, chilichonse chili ndi kachule kobiriwira, ndipo asanazitumize mu 1774 anayamba waziyala ku London kuti anthu azione. Analimbikira kuti ngalande yoyendamo mabwato a katundu ya Trent and Mersey ikumbidwe, popeza m'misewu yokumbika ya nthawiyo katundu wambiri ankasweka asanafike. Koma taona mmene anagawira ntchito. Ku London, kumene kunali ogula achuma, kunakhala mnzake wa mu bizinesi Thomas Bentley, munthu wophunzira ndi wodziwa kulankhula ndi anthu apamwamba. Josiah anakhala ku Etruria, fakitale imene anatsegula mu 1769, nyumba yake ili pafupi pomwepo, ndipo awiriwa ankalemberana makalata mosalekeza.

Chaka chimene ndikufuna uchiganizire kwambiri ndi 1772. Zaka zingapo m'mbuyomo mitsuko yake yokongoletsera nyumba inkagulidwa ngati mulibe mawa, antchito anawonjezeredwa, aliyense ankaona kuti zinthu zikuyenda. Kenaka mabanki ena anagwa, ndalama zinasowa m'dziko, katundu anayamba kuunjikana. Josiah anakhala pansi n'kuwerengetsa mtengo wopangira mtsuko umodzi: dongo, malasha, malipiro a woumba ndi wojambula, zikombole, lendi, ngakhale zosweka. Zimene anapeza zinali zowawa. Mitengo ina ankangoika mongoganizira. Ogula ambiri olemera ankatenga katundu osalipira msanga. Kalaliki wamkulu wa ku London, amene ankamukhulupirira, anali akudya ndalama. Anazindikiranso kuti lendi, zikombole ndi malipiro ena zimadya chimodzimodzi kaya waumba zambiri kaya zochepa, choncho kusinthasintha mitundu pang'onopang'ono kunkamutayitsa, pamene kuumba mtundu umodzi wambiri kunkatsitsa mtengo. Anakonza zonsezi, ndipo fakitale inapulumuka.

Mwana wanga, zimenezi zinachitikira munthu amene ankagona pafupi ndi uvuni wake. Anatha kuona pamene pakudontha chifukwa ntchito iliyonse ya m'fakitalemo ankaidziwa ndi manja ake. Iwe uli pa nthawi imene iye anali 1772 isanafike, pamene maoda akubwera ndipo ndalama zikuoneka zambiri. Sindikunena kuti kapitawo wako ndi wakuba, ndinamuona ndi munthu waulemu. Koma hotela ikabweza makapu kuti ang'aluka, amene angadziwe ngati vuto lili pa dongo, pa kuyanika kapena pa moto ndi iwe.

Josiah atamwalira mu 1795, ana ake anali ataleredwa m'chuma ndi kuphunzitsidwa ngati ana a mabwana. John analowa za banki, ndipo bankiyo inagwa mu 1816. Tom anali wodwaladwala, mtima wake unali pa sayansi, ndipo amakumbukidwa ngati mmodzi wa oyamba kuyesa kujambula zithunzi pogwiritsa ntchito kuwala. Josiah wachiwiri anapita kukakhala kummwera kwa England ngati mwini minda, ntchito ya tsiku ndi tsiku n'kutsalira msuweni wawo Thomas Byerley. Nkhondo za pakati pa Britain ndi France zinatseka misika, ndipo m'fakitale munalowa ulesi, moti Josiah wachiwiri anachita kubwerera ku Staffordshire. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820 sitolo yawo yotchuka ya ku London inatsekedwa. Sindikuwaweruza anawo. M'banja lomweli munachokera Charles Darwin, katswiri wotchuka wa sayansi ya zamoyo, mwana wa Susannah, mwana wamkazi wa Josiah, ndipo anali Josiah wachiwiri, malume ake a Darwin, amene ananyengerera bambo a Darwin kuti amulole kukwera sitima ya pamadzi ya Beagle pa ulendo wa kafukufuku mu 1831. Chuma cha dongo chinabala zabwino zambiri. Kungoti fakitale yokhayo inavutika eni ake atatalikira.

Zotsatira ndingodutsamo. Josiah wachisanu anasamutsira ntchito ku Barlaston, kumene anayamba kuumba mu 1940. Mu 1986 kampaniyo inaphatikizana ndi Waterford ya ku Ireland, mu 2009 inagwa ndi ngongole, ndipo kuyambira 2015 ili m'manja mwa Fiskars ya ku Finland. Zimenezo zili ndi zifukwa zake zina, za misika ya dziko lonse, ndipo sizikukhudza nkhani yathu.

Pempho langa ndi ili. Msika wa ku Lilongwe usautaye, koma upeze munthu wokhulupirika woti akhale kumeneko, wodziwa kulankhula ndi ogula ndi kulonjerera ngongole, ndipo mugwirizane polemba kuti gawo lake ndi lotani. Iwe uzipitako pakafunika n'kubwerera. Ngati chikukukoka ndi sukulu ya ana, nena poyera, tikambirane ndi amayi ako, njira ipezeka. Ndipo usanasaine pangano ndi hotela ina iliyonse, uwerengetse mtengo wa kapu imodzi kuyambira kumtapo mpaka pa tebulo la mlendo, osaiwala thiransipoti, zosweka, ndi miyezi imene amatenga asanakulipire.

Ukamabwera kumapeto a mwezi utenge mabuku ako onse a ndalama, tidzakhale pansi tiwerengetsere limodzi. Amayi ako akuti uwatengere mphika wa maluwa uja unawalonjeza. Upereke moni kwa apongozi ndi kwa adzukulu anga.

Ndine,
Bambo ako