Opulumuka ku Auschwitz akasiyana pa madeti, sikuti akunama

Akonzi,

Pa 27 Januwale 1945 asilikali a Soviet Union adalowa m'ndende ya Auschwitz, yomwe boma la Nazi la Germany lidakhazikitsa ku Poland, napeza akaidi pafupifupi 7,000 ali moyo, pamalo pomwe padafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda. Tsiku lokumbukira zimenezi likamayandikira pamatuluka ena onena kuti opulumukawo amanama poti nkhani zawo zimasiyana pa madeti ndi manambala. Zimatipweteka mtima, ndipo tikupempha nyuzipepala yanu ifotokozere owerenga gwero la kusiyanako.

Mkaidi akangotsika sitima ankalandidwa wotchi, mapepala ndi zovala. Kalendala kunalibe. Onjezanipo njala, matenda a typhus ndi mantha a tsiku lililonse. Woteroyo amakumbukira bwino fungo la utsi ndi mbali yomwe amayi ake adalozeredwa, koma mwezi amausokoneza. Komanso ankaona kachigawo kokha ka ndende. Pa 7 Okotobala 1944 akaidi a Sonderkommando, omwe ankakakamizidwa kuwotcha mitembo, adaukira ku Birkenau, chigawo cha Auschwitz, natentha nyumba imodzi yowotcheramo mitembo, koma mayi wina pochitira umboni patapita zaka zambiri adakumbukira machumuni anayi akuyaka. Nambala idalakwika, kuukirako kudachitikadi.

Povuta kwambiri ndi pa nkhope. Mu 1988 khoti la ku Israel lidagamula kuti John Demjanjuk aphedwe, opulumuka atamuloza kuti ndiye mlonda wankhanza wa ku Treblinka, malo ena omwe a Nazi ankapherako Ayuda. Mu 1993 khoti lalikulu lidafafaniza chigamulocho zikalata za ku Soviet Union zitasonyeza munthu wina, Ivan Marchenko. Mbonizo zidalankhula ndi mtima woona, koma zaka zoposa 40 zimasintha nkhope.

N'chifukwa chake odziwa mbiri saimira pa mboni imodzi. Amayamba ndi deti lomwe umboni udajambulidwa, pakuti wa mu 1946, monga omwe katswiri wa zamaganizo David Boder adajambula ndi makina ojambulira mawu pa waya m'misasa ya othawa nkhondo, sunasakanizike ndi zomwe munthu adadzawerenga kapena kuonera pambuyo pake. Kenako amayerekeza ndi maumboni ena. Bungwe la ku America la USC Shoah Foundation lokha lidajambula pafupifupi 52,000 pakati pa 1994 ndi 1999. Akatero amafufuza m'ndandanda wa masitima, m'zikalata za ku Arolsen ku Germany ndi m'mayina osungidwa ku Yad Vashem, malo a ku Yerusalemu okumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi. Nambala yodindidwa pamkono imathandizanso, poti manambala ankaperekedwa motsatana ndipo amasonyeza nthawi yomwe munthu adafikira.

Atolankhani asamalenso apa: kudinda nambala pamkono kunkachitika ku Auschwitz kokha. Wopulumuka ku ndende zina za a Nazi monga Buchenwald kapena Dachau yemwe sadadzere ku Auschwitz alibe chizindikirocho. Ndipo omwe ankapita nawo kukaphedwa kuchipinda cha gasi atangotsika sitima sankalembedwa n'komwe m'kaundula wa ndendeyo, kotero mayina a ambiri a iwo tikuwadziwa chifukwa m'bale wopulumuka adawatchula.

Aphunzitsi a mbiri yakale