Kalata ya ku Zomba: za likodzo ndi asilikali a m'thupi

Achimwene okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndamva nkhawa imene yakugwirani chifukwa cha mawu a dokotala wa ku Johannesburg, akuti m'magazi mwanu mwachuluka maselo otchedwa eosinophil ndipo akukayikira likodzo, ngakhale kuti simunaonepo magazi mumkodzo. Mwafunsa kuti zingatheke bwanji nyongolotsi kukhala m'mitsempha ya munthu miyezi yonseyi asilikali a m'thupi ali phee. Ndikuyankhani monga munthu amene wakalambira pa maikulosikopu, koma choyamba ndikukumbutseni kuti mutabwera kutchuthi tinapita ku Kachulu, ndipo inu munavula nsapato n'kulowa m'madzi a Chilwa mpaka m'mawondo kukankha nawo bwato, ine ndikukuletsani.

Mphindi zochepazo n'zokwanira. Tiana ta nyongolotsi totuluka mu nkhono timaboola khungu n'kuyenda ndi magazi, ndipo pakatha milungu ingapo timakhala takhwima, yaimuna itafungatira yaikazi, monga mmene Theodor Bilharz anazionera ku Cairo mu 1851.

Asilikaliwo sali phee ayi, koma kuti mumvetse zimene zikuwachitikira muyenera kudziwa mmene amazindikirira mlendo. Selo lililonse, lathu kapena la kachilombo, n'lokutidwa ndi timaunyolo ta shuga. Musaganize za shuga wa ku Nchalo wothira mu tiyi, kapena za matenda a shuga. Uyu ndi shuga wa mitundumitundu wolukidwa ngati mikanda, ndipo kalukidwe kake ndiko kamasiyanitsa mwini mudzi ndi wobwera. Amene amawerenga mikandayi ndi mapuloteni otchedwa lectin, dzina limene William Boyd anawapatsa mu 1954 kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kusankha, chifukwa lectin aliyense ali ndi shuga wake amene amamugwira, enawo n'kuwasiya. Woyamba kudziwika anapezeka mu nsatsi, zomwe zija zimamera zokha kudzala, pamene Peter Hermann Stillmark anaona mu 1888 kuti madzi ake amaundanitsa maselo ofiira a magazi.

Pakati pa asilikali a m'thupi pali azondi otchedwa maselo a dendritic, amene Ralph Steinman anawafotokoza mu 1973. Iwowa ali ndi ma lectin ambiri pakhungu lawo, ndipo ntchito yawo ndi kutola zizindikiro za mdani n'kupita nazo ku timatumba tija timene tikatupa timati mwanabere, kumene amakauza maselo a T, omwe ndi atsogoleri a asilikaliwo, mtundu wa nkhondo yoyenera kumenyedwa. Ndiye kuti amene wanyengerera mzondi wagwira gulu lonse, ndipo apa ndi pamene likodzo lachenjerera.

Nyongolotsi yaikulu imavala malaya a mwini nyumba. Imadzimata ndi zinthu zochokera m'magazi athu, kuphatikizapo shuga amene amasiyanitsa magulu a magazi, ndiponso yokha imapanga shuga wotchedwa Lewis X, amene alinso pa maselo athu oyera. N'chifukwa chake imatha zaka 3 mpaka 5, nthawi zina kuposa, ili m'magazi mwenimwenimo. Mazira ake ndiwo sabisala. Amachita kuitana asilikali. Shuga wa pa mazirawo amagwidwa ndi lectin wa azondi wotchedwa DC-SIGN, ndipo mazira a likodzo la m'matumbo amatulutsa puloteni ya omega-1, imene imalowa mwa mzondi kudzera pa lectin wina wogwira shuga wa mannose. Ikalowa imaphwanya RNA, malangizo amene selo limatsatira popanga mapuloteni, motero mzondiyo amalephera kupanga mapuloteni ake bwinobwino, ndipo uthenga umene amakapereka umakhala woitana nkhondo ya mtundu wachiwiri, imene madokotala amailemba kuti Th2.

Maselo a T akalandira uthengawo amatulutsa timadzi ta mauthenga, makamaka IL-4, IL-5 ndi IL-13. IL-5 ndi imene imalamula mafuta a m'mafupa kupanga ma eosinophil ambiri, ndipo nambala imene yakuopsani papepala la dokotala yachokera pamenepo. Zinazo zimatembenuza maselo aakulu omeza tizilombo, otchedwa macrophage, kuti asiye ukali wopha n'kuyamba ntchito yomata mabala, ndipo akatembenuka chotero amachulukitsanso lectin wa mannose uja pakhungu lawo. Ichi ndicho chimandizizwitsa ine: kachilombo sikangodutsa pakhomo, komanso kamachititsa mwini nyumba kuwonjezera makomo a mtundu womwewo.

Kenako asilikali onsewa amazinga dzira lililonse n'kulimangira linga, ndipo m'lingamo mumachuluka lectin winanso, galectin-3, amene amagwira shuga wa nyongolotsi. Linga limeneli lili ndi ubwino wake, pakuti limatsekereza ululu wa dzira kuti usawononge mnofu wapafupi, koma dzira nalo limapindula, chifukwa kutupako ndiko kumalithandiza kuboola khoma la chikhodzodzo kapena la matumbo kuti lituluke likaswere m'madzi. Mazira ambiri satuluka. Amafera pomwepo, ndipo linga lililonse limasanduka chipsera. Zipserazo zikaunjikana zaka ndi zaka, chikhodzodzo chimauma, njira za mkodzo zimapanikizika mpaka kuwononga impso, ndipo kwa ena zimathera ku khansa ya chikhodzodzo. Likakhala la m'matumbo chiwindi chimalimba, kapamba n'kutupa. Choncho zambiri zimene timazitcha likodzo ndi ntchito ya asilikali athu omwe, atapotozedwa ndi shuga wa pa mazira.

Pali lectin mmodzi amene ndamuona ndi maso angawa. Tsiku lina ndikupima chimbudzi cha mnyamata wa ku Chisi, ndisanapeze dzira n'limodzi lomwe, ndinaona timiyala tosongoka uku ndi uku ngati singano, tonyezimira, titamwazikana pagalasi. Timeneti ndi tija anatifotokoza Jean-Martin Charcot mu 1853, ndipo Ernst von Leyden anatipezanso mu 1872 m'makhololo a odwala mphumu. Patapita zaka zoposa 100 ndi pamene zinadziwika kuti ndi puloteni ya galectin-10, yodzaza m'ma eosinophil, imene imaundana maselowo akaphulika. Ndikationa ndimadziwa kuti nkhondo yadutsa pamenepo, ndipo ndimabwereza kufufuza modekha; kwa mnyamata uja mazira ndinawapeza pagalasi lachitatu, okhala ndi minga cham'mbali, chomwe ndi chizindikiro cha likodzo la m'matumbo.

Tsono inu musakhutire ndi kupimitsa kamodzi. Mkodzo muupereke masana, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, pamene mazira amatuluka ambiri, ndipo mupimitsenso chimbudzi. Kuli kachipangizo kena kopima mkodzo kotchedwa CCA, kamene kamafufuza shuga wotayidwa ndi nyongolotsi yamoyo, koma kamagwira bwino likodzo la m'matumbo kusiyana ndi la m'chikhodzodzo, choncho kakanena kuti mulibe musathamangire kukondwa. Mankhwala ndi praziquantel yemwe uja amapatsa ana m'sukulu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo mumwe mutadya. Iyeyu amaumitsa nyongolotsi n'kung'amba malaya ake obwereka aja, kuti asilikali aione poyera n'kuimaliza. Ma eosinophil satsika tsiku lomwelo, chifukwa mazira otsakamira amakhalabe m'malinga awo kwa kanthawi, ndiye dokotala akakuitananinso pakapita miyezi, mupite.

Mundilembere zimene apeze, ndipo ngati angakuuzeni mbali imene kuli minga ya dziralo, mundiuzenso. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa kuno ku Zomba